Knee brace ndi ma insole zimathandizadi nyamakazi ya m'mawondo? Thandizeni

Membala wobisidwa: Admin ndibiseni chonde. Ndikufunsira mayi anga a zaka 63, timakhala ku Ndirande chakumtunda kuno, kufupi ndi phiri. Bondo lakumanja lawavutitsa zaka zinayi tsopano. M'mawa limadzuka lili gwa, pakapita mphindi zingapo limamasuka, koma akatsikira kumsika komwe amagulitsa tomato n'kubwerako madzulo amafika akutsimphina. Ululu uli mbali yam'kati, ndipo mwendo wayamba kupindika ngati matewe pomwe kale unali wowongoka bwinobwino. Chaka chatha anawajambula, adokotala anati chichereŵechereŵe chaperepeseka, mafupa ayandikana mbali imodzi.

Achimwene ali ku Joni akuti atumiza chinthu chimodzi pa basi mwezi uno, tisankhe: knee brace (chomanga pa bondo) ya zitsulo m'mbali, kapena ma insole oika m'nsapato, okwera mbali imodzi aja. Zonse ziwiri ndalama sizikwana. Palinso bambo wina amazungulira m'misika ndi ma insole a maginito, akuti amachiziratu, ndipo mayi amukhulupirira kale. Amene munagwiritsapo ntchito, chenicheni n'chiti? Tisataye ndalama za mwana wa eni ake akuvutika kunja.

Make Mapasa: Ine ndimavala brace yolowetsa ngati sokosi ija, ndinagula ku pharmacy ku Limbe. Kuchira ayi, koma ndikavala bondo limamva kutentha ndipo mantha ogwa amachepa ndikamatsika minibasi. Ndikavula madzulo ululu uli pomwepo. Mwezi wa October ndiye musanene, thukuta lokhalokha, imatsetsereka mpaka pa katumba.

Bambo a ku Bangwe: Mafuta a nsato basi, azipaka usiku. Agogo athu ankayenda mpaka zaka 90.

Make Mapasa: Achimwene, nsato zikanakhala zochuluka ngati mabotolo ogulitsidwa m'tauni muno bwenzi tikupondana nazo pa Ginnery Corner.

Wa Fizio: Achemwali, ndimagwira ntchito yolimbitsa odwala mafupa ndi minofu, ndiye ndilemba zambiri, mupirire. Choyamba muwauze mayi mwaulemu kuti palibe brace, insole kapena maginito amene amameretsanso chichereŵechereŵe chomwe chinatha. Funso loyenera ndi loti n'chiti chingachepetse ululu kuti aziyenda.

Ma brace sali amodzi. Yomwe akunena Make Mapasayo imangofinya ndi kufunditsa, ndipo ena imawathandizadi pang'ono. Pali ina ya mahinjesi m'mbali yothandiza bondo logwedera, lija limafuna kupinda lokha munthu ali chiimire. Ndiye pali yachitatu, amaitcha unloader. Imeneyi imakankha bondo chammbali kuti katundu wa thupi achoke mbali yomwe yadyeka apite mbali yomwe ikadali bwino. Mwafotokoza ululu wam'kati ndi mwendo wopita ku matewe, ndiye anthu ngati mayi anuwa ndi amene unloader inapangidwira. Madokotala a nyamakazi a ku America, American College of Rheumatology, m'malangizo awo a 2019 anavomereza brace kwa munthu amene bondo likumulepheretsa kuyenda kapena likugwedera. A ku Britain, bungwe la NICE, mu 2022 anaumirako: anati isamaperekedwe kwa aliyense, koma pamene bondo likugwedera kapena katundu akugwera mbali imodzi, ndipo masewera olimbitsa paokha sakukwanira. Ndiye muone kuti ngakhale akatswiri sakuitenga ngati chozizwitsa. Vuto lake lalikulu ndi loti ambiri amaisiya. Ndi yolemera, imatentha, imatha kusupula khungu, mapeto ake imakagona pansi pa bedi.

Ma insole okwera mbali yakunja aja nzeru yake imamveka bwino: upendeketse phazi pang'ono kuti bondo lipepukidwe m'kati. Koma atayesa pa anthu zinakanika. Ku Melbourne ku Australia anatenga anthu 200, ena anawapatsa okwera mbali, ena afulati wamba, n'kuwatsatira chaka chathunthu. Zotsatira zinatuluka mu 2011: ululu sunasiyane, ndipo kudyeka kwa bondo sikunachedwe. Malangizo a 2019 aja nawonso anati asamalimbikitsidwe. Za maginito ndiye sungani ndalama yanu mugule ndiwo. Insole yofewa wamba ingathandize phazi lotopa la munthu woima tsiku lonse, koma limenelo ndi phazi, si bondo.

Ndiye pa ziwirizo ine ndinganene brace. Koma achimwene asagule kaye. Mayi aonedwe ndi a fizio, ku Queens alipo, ku Kachere Rehabilitation Centre alikonso, atenge ndi chithunzi chija. Unloader imakhala ya mwendo wakumanja kapena wakumanzere, ya m'kati kapena ya kunja, ndiponso ya saizi yoyezedwa ndi tepi pa ntchafu. Yolakwika mbali imawonjezera katundu pomwe pakuwawa pomwepo.

Membala wobisidwa: Zikomo kwambiri a Fizio. Ine ndimaganiza kuti brace ndi brace basi, bwenzi titangonena kuti "yayikulu". Koma ndimamva kuti ukazolowera kuvala mwendo umafooka, n'zoona?

Wa Fizio: Chimafooketsa ntchafu ndi kukhala osaigwiritsa ntchito. Azivala poyenda ulendo wakumsika, pogona ndi pokhala azivula. Ndipo chomwe chili ndi umboni wamphamvu kuposa zonse tikukambazi n'chaulere: kulimbitsa minofu ya ntchafu. Akhale pa mpando wolimba, aimirire, akhalenso pang'onopang'ono, kakhumi. Agone chagada, mwendo wabwino aupinde, wodwalawo auwongole n'kuukweza, awerenge mpaka faifi, autsitse. Masiku oyamba kumawawako, si chizindikiro choti akuononga. Phindu limayamba kuoneka pakatha masabata angapo, osati mawa. Kuchepetsa thupi nakonso kumathandiza: kilogalamu imodzi ikachoka, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 pa sitepe iliyonse. Muwerenge masitepe ochoka kumsika kukafika kumtunda kwanuko.

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, ndili ndi zaka 68, mawondo onse awiri. Chomwe chinandibwezera ku tchalitchi ndi ndodo. Ndinaikana zaka ziwiri poopa kuti anthu aziti ndakalamba, chonsecho ndinakalambadi. Ndipo ndinkaigwira molakwika, mbali yomwe ikupwetekayo. Imagwiridwa dzanja la mbali inayo: bondo lakumanja, ndodo kumanzere. China chomwe anthu sakonda kutchula pagulu ndi chimbudzi. Ngati n'chonjuta, apezereni kalipentala akhome kampando koboola pakati, ndi chogwirira pakhoma. Kumsikanso asamakhale pa kachidebe kafupi, podzuka pamenepo m'pamene bondo limalira.

Nachisale wa ku Chilomoni: Mayi anga insole inawathandiza, inu mukuti sizigwira bwanji? Aliyense ndi thupi lake.

Wa Fizio: Sindikutsutsa kuti anapeza bwino, mayi. Mwina phazi lawo linali lophwatalala, kapena anasiya masilipasi n'kuyamba nsapato yabwino nthawi yomweyo. Nyamakazi imeneyi imakhalanso ndi miyezi yolusa ndi miyezi yogona, ndiye chomwe wagula pa nthawi yolusa chimatenga ulemu ululu ukatsika wokha. Ngati akuvala ndipo sizikuwapweteka, apitirize.

Nachisale wa ku Chilomoni: Masilipasi anasiyadi nthawi yomweyo, ndinawagulira matenesi pa kaunjika. Komabe.

Namwino Usiku: Palibe wafunsa za mankhwala. Akumwa chiyani, kangati? Amayi ambiri a m'misika amangogula Indocid kapena Brufen pa okala n'kumamwa tsiku ndi tsiku zaka. Amenewa amayambitsa zilonda za m'mimba, amaononga impso, amakwezanso BP. Wopaka wa diclofenac ndi wofatsirapo pa thupi ndipo pa bondo amagwira. Ngati ali ndi shuga kapena miyendo imatupa, anene kwa a fizio asanavale chofinya chilichonse, ndipo muziwayang'ana khungu madzulo. Bondo likadzatupa mwadzidzidzi, kutentha, thupinso n'kutentha, imeneyo si ya brace, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.

Membala wobisidwa: Mwandiopsa anamwino. BP ali nayo, ndipo Indocid amamwa awiri m'mawa uliwonse asanatsike, nthawi zina opanda kudya. Ndawaimbira achimwene kuti adikire kaye. Lolemba tiyambira ku health centre kuti atilembere kalata ya ku fizio, tikanenanso za mapilitsiwa. Ndodo akukana, akuti si agogo iwo, pomwe zidzukulu zilipo zisanu ndi chimodzi. Aphunzitsi, kampando kaja anakukhomerani kotalika bwanji?

Mphunzitsi Wopuma: Muwayeze kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo atavala nsapato, muonjezereko zala ziwiri. Matabwa akhale olimba, kanga koyamba kanali ka paini woonda ndipo sikanathe mwezi.