Paipi ya mafuta ikabooka mtchire amadziwa bwanji ali mundege?

Mjomba_wa_Ndola:
Anzanga ndithandizeni apa. Paipi ya TAZAMA ija yochokera ku Dar es Salaam kudzafika kuno ku Ndola ndi makilomita 1,710, zambiri ndi zokwiriridwa pansi. Nde ndamva kuti kunjaku amangoulutsa helikopita kapena droni nkudziwa pamene pakudontha, zoona zimenezi kapena nkhambakamwa chabe?

chitsulo_cha_njanji:
Ndi zoona achimwene koma zimayenda bwino pa gasi. Helikopita imawalitsa laser pansi motsatira paipi, kuwalako kumagunda nthaka nkubwerera, nde methane (gasi woyenda mpaipimo) ikamadontha imamwako mbali ina ya kuwalako, makina akaona kuti kwabwerera kochepa basi adziwa kuti apa pakutuluka gasi ndipo GPS imalemba malowo. Ku Germany amayendera mapaipi awo a gasi choncho.

Nachisale:
Koma TAZAMA imanyamula dizilo pano osati gasi, laser ya methane singathandize. Pa mafuta amadzi amadalira kamera yoona kutentha, dothi lonyowa ndi mafuta limaoneka losiyana ndi lapambali pake, komanso udzu ukauma chigamba chimodzi pakati pa dzinja kwina konse kuli biriwiri umadziwiratu kuti pansipo pali nkhani.

Mjomba_wa_Ndola:
Nanga mitengo ikaphimba?

chitsulo_cha_njanji:
Apo ndiye pamavuta, mphepo nayo imabalalitsa gasi. Nchifukwa chake samasiya mamita oyeza zolowa ndi zotuluka, ndi anthu oyenda wapansi kukafukula.