Latex ya sitachi ya chinangwa ikuyera ikanyowa, ndalakwitsa pati?

Wofunsa: Akuluakulu, ntchitoyi yanditopetsa. Ndikupanga latex ya penti wa madzi (madzi okhala ndi tinthu ta pulasitiki timene timamatitsa penti pakhoma) polumikiza sitachi ya chinangwa ndi mankhwala a styrene komanso butyl acrylate, initiator yake (mankhwala oyambitsa kulumikizanako) ndi ammonium persulfate pa madigiri 80. Tinthu take tikutuluka tating'ono bwinobwino, koma filimu (kachikopa kamene latex imasiya ikapakidwa) ikauma n'kuithira madzi imayera ngati yawazidwa ufa, ndipo pakatha masabata awiri latex imalimba m'chidebe ngati phala logona. Vuto ndi grafting (kulumikizika kwa sitachi ndi mankhwalawo) kapena amylose (gawo la sitachi limene limalimbitsa phala likazizira)?

Wa ku labu: Achimwene, chinangwa chili ndi amylose wochepa poyerekeza ndi chimanga, choncho ine ndikukayikira sitachi imene sinalumikizike ndi polima (pulasitiki yochokera ku styrene ndi butyl acrylate), imene ikungoyandama m'madzimo n'kumakoka chinyezi. Musaiwalenso kuti persulfate amadula unyolo wa sitachi. Yesani sitachi yosinthidwa ndi mankhwala a OSA (octenyl succinic anhydride), chifukwa imeneyo sikonda madzi kwambiri.

Mkulu wa fakitale: Ana inu, sitachi ndi chakudya. Chaka china mu Okutobala migolo yathu inatupa m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo titaitsegula fungo lake linathamangitsa aliyense, mpaka penti yense tinakataya. Musanakambe za grafting, yang'anani tizilombo.

Mayi wa zoyesa penti: Bambo akunena zoona, koma tizilombo nthawi zambiri timasungunula latex, sitimailimbitsa. Chenjezo langa lili pa surfactant (mankhwala onga sopo oletsa tinthu ta latex kuundana): mukaichulukitsa pofuna kuti tinthuto tichepe, imakwera pamwamba pa filimu ndipo kuyerako kumabwera ngakhale sitachi italumikizika bwino. Musathamangirenso kuwonjezera butyl acrylate, pakuti filimu idzafewa n'kumagwira fumbi pakhoma.

Wofunsa: Bambo, mankhwala opha tizilombo a BIT ndinathira kale.

Mkulu wa fakitale: Munathira liti? Ngati munathira latex ikadali yotentha, persulfate wotsala asanathe, ndiye kuti BIT wanuyo anawonongeka tsiku lomwelo, ndipo chidebecho chilibe mlonda. Ndanena kale kuti sitachi ndi chakudya.

Wa ku labu: Koma kuyera kwa filimu sikukhudzana ndi biocide (mankhwala opha tizilombowo), bambo.

Mkulu wa fakitale: Wogula sadzafika pa kuyerako ngati chitini chanunkha chikadali m'sitolo. Ndipo madzi amene mukutsukira reactor yanu (thanki yophikira latex) mumawatunga kuti?