Kodi ndiyambe ndi diploma ndisanachite MA ya zojambula?

Abale anga, ndithandizeniko nzeru. Digiri yanga ndi ya uphunzitsi, koma kwa zaka 6 tsopano ndakhala ndikujambula ndi penti, makamaka amayi ogulitsa usipa mumsika wa Limbe. Ndikufuna kukachita MA (digiri ya masters) ya Fine Art ku London. Nditafufuza ndapeza kuti Chelsea College of Arts ili ndi Graduate Diploma ya chaka chimodzi, yokonzekeretsa anthu ngati ine amene sitinaphunzire zojambula pa digiri yoyamba.

Pavuta ndi pa ndalama. Chevening, thandizo la ndalama zamaphunziro lochokera ku boma la UK, imalipirira masters yokha, ndiye chaka chokonzekeracho chingatuluke m'thumba mwanga, za lendi ya ku London osanena.

Inu amene munadutsamo, kodi portfolio (zitsanzo za zojambula zanga) yabwino payokha ingandilowetse MA osadzera ku diploma? Nanga amafuna zithunzi zomalizidwa zokha, kapena ndi zoyeserera zomwe? Zanga zoyeserera zili m'makope a ana asukulu, ena ananyowa denga litadontha dzinja lathali, mapepala mpaka kumatana, makala ojambulira n'kufalikira. Ndiwajambule pafoni momwe alilimo, kapena ndingowasiya? Ndimawakonda kuposa zithunzi zomalizidwazo, kunena zoona.