Kodi ndikhulupirire pepala lotsatsa la ku America kapena galimoto imene ndikuiona ndi maso?

Akuluakulu onse a pagulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa bwino za magalimoto akale. Ndine makaniko, ndimagwira ntchito pa galaja ina ku Pretoria, ndipo bambo wina wachikulire akufuna kundigulitsa Valiant Barracuda ya 1968 imene yakhala pansi pa shedi yawo kwa zaka zambiri. Chandiimitsa mutu ndi mtengo, chifukwa bamboyo akuuwerengera pa pepala lotsatsa malonda limene anadula m'magazini ya ku America, osati pa galimoto imene ili pakhomo pawo.

Pepalalo ndinaligwira ndi manja anga. Layamba kufiirira m'mbali, koma zonse zikuwerengeka: dzina lake ndi Plymouth Barracuda, woyendetsa wakhala kudzanja lamanzere, ndipo mawu ake akutamanda injini ya V8, ija ya masilinda 8. Nditatsegula boneti ya galimoto yawo ndinapeza zina. Muli injini ya masilinda 6 ondondozana, ija yopendekeka imene timaitcha Slant Six, ya malita 3.7, ndipo chiwongolero chili kudzanja lamanja popanda chizindikiro chilichonse chakuti wina anadula kapena kuwotcherera chitsulo kuti achisamutse. Dzina la Plymouth sindinalione paliponse pathupi pake.

Mmene ndikudziwira, kusiyanaku si chinyengo ayi. Barracuda inayamba kugulitsidwa ku America mu April 1964, patangotsala milungu iwiri kuti Ford Mustang ituluke, ndipo m'zaka zimenezo makampani a ku America ankatumiza zipangizo m'mabokosi kuti zikalumikizidwe m'mafakitale a kunja, pofuna kuchepetsa msonkho ndi kutsatira malamulo ofuna kuti mbali ina ya galimoto ipangidwe m'dziko momwemo. N'chifukwa chake Mustang inkalumikizidwanso ku Mexico ndi ku Venezuela, Chevrolet Camaro ku Antwerp m'dziko la Belgium, ndipo AMC Javelin ku Germany ndi kampani ya Karmann komanso ku Australia. Ngakhale maina ankasintha: ku Germany Mustang inkagulitsidwa ngati T-5 chifukwa dzinalo linali kale ndi eni ake, kuphatikizapo kampani ya Krupp. Kuno ku South Africa, kampani ya Chrysler, eni ake a dzina la Plymouth, inkalumikiza Barracuda n'kuigulitsa ndi dzina la Valiant, limene ogula ankalidziwa kale.

Ndiye funso langa loyamba ndi ili: kodi ndi manambala ati amene angandisonyeze kuti injini ndi thupi zinatulukira limodzi m'fakitale ya kuno? Kachitsulo kolembedwa nambala ndinakaona, koma kadyedwa ndi dzimbiri moti manambala awiri sakuoneka, ndipo mabuku amene ndili nawo amafotokoza za magalimoto a ku America okha. Amene munagulapo Valiant yakale, munayerekezera ndi chiyani?

Lachiwiri ndi la mtengo. Kodi pakati pa okonda magalimoto akale, Barracuda ya kuno ya masilinda 6 imatsika mtengo chifukwa ilibe V8, kapena imakwera chifukwa chiwongolero cha kumanja chochokera m'fakitale sichipezeka wamba? Bamboyo sindikufuna kuwanyoza, pakuti galimotoyo anaisunga mwachikondi, koma sindingalipire mtengo wa chinthu chimene chili papepala pokha.

Anzanga a pa galaja akundilimbikitsa kuti ndikagula ndichotse injiniyo n'kuikamo V8, kuti ifanane ndi ya m'chithunzi. Mtima wanga ukukana. Slant Six ndi injini yolimba, ndaikonzapo kangapo ndipo ndimaidziwa kulira kwake, komanso ndikuona kuti chimene chimasiyanitsa galimotoyi ndi zinzake za ku America ndi chimenecho chimene iwo akufuna ndichotse. Ngati pali amene anasinthapo injini pa galimoto yotere n'kudzaigulitsa, ndiuzeni ngati ogula anakondwera kapena anabwerera m'mbuyo.

Pomaliza, ngati wina ali ndi pepala lotsatsa kapena kabuku ka Valiant Barracuda kosindikizidwa kuno ku South Africa cha m'ma 1968, chonde ajambule n'kuika pansipa. Ndikufuna kupita nako kwa bamboyo Loweruka, tikaike mapepala awiriwo pa boneti, tikambirane mtengo tikuyang'ana galimoto yeniyeniyo.