Za mwendo wotupa uja ndinafunsa

Abale ndabweranso pa nkhani ija ndinafunsa sabata yatha, yoti mwendo umodzi wa mayi akunyumba watupa kuyambira pa katumba mpaka kuphazi, ukutentha komanso kupweteka chibwerereni ku ulendo wa maola 9 ali chikhalire. Amene munati tisausisite koma tithamangire kuchipatala munatithandiza zedi. Atawaunika ndi sikani anapeza magazi oundana mu mtsempha wamkati, adokotala akuti ndi DVT, ndipo choopsa chake n'choti kachidutswa kakathothoka kamakatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu n'kuyamba kubanika, m'chifuwa kubaya, mwina kutsokomola magazi kumene, zikatero osadikira kuti kuche ayi.

Anayamba ndi majakisoni a heparin limodzi ndi mapilitsi a warfarin, onsewa ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, warfarin-yu amwa miyezi yosachepera itatu ndipo azikayezetsa magazi pafupipafupi kuti INR, muyeso wa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, izikhala pakati pa 2 ndi 3. Mapilitsi olera okhala ndi mahomoni a estrogen awasiyitsa, ine sindimadziwa n'komwe kuti nawo amatha kuchititsa magazi kuundana. Ibuprofen ndi aspirin ati asamwe mwachisawawa, angataye magazi. Mwendo ukuphwa pang'onopang'ono, ndipo awauza kuti aziyendayenda, osati kumangogona tsiku lonse.