Thandizani: tingatani kuti thupi la Yesu lopachika pamtanda lisang'ambike likauma?

Abale ndi alongo osema zifaniziro za m'tchalitchi, pakufunika nzeru zanu. Ntchito ndi yosema thupi la Ambuye lotalika mita imodzi ndi theka, la pamtanda wa kuguwa, ndipo mtengo womwe ulipo ndi chipika cha mbawa chodulidwa miyezi inayi yapitayi.

Vuto lake likudziwika. Kunja kwa chipika kumauma msanga mkati mukadali madzi, ndiye mng'alu umayambira kunja n'kulowera kumtima wa mtengo, kawirikawiri pachifuwa kapena pankhope penipeni. Thabwa lokhuthala masentimita 2.5 limafuna pafupifupi chaka kuti liume pamthunzi, nanga chipika chonse? Kupaka phula kapena penti kumapeto konse kuwiri kumangochepetsa liwiro.

Mafunso ndi awa. Kodi kukumba mphako kumsana, n'kusiya khoma la masentimita 4 kapena 5, kumathetsadi mng'alu? Nanga mikono, popeza imasemedwa padera kuti itsate mzere wa mtengo, yolimba ndi iti: kulowetsa chikhomo paphewa ndi guluu, kapena bauti yobisika? Pomaliza tipake mafuta a linseed kapena phula la njuchi, poti tchalitchicho ndi chamalata ndipo mu Okutobala mumatentha kwambiri?

Amene munaphunzira ku KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi luso losema a ku Mua, tiuzeni momwe amachitira kumeneko. Kusema kotereku ndi utumiki, anthu adzagwada patsogolo pake Lachisanu Loyera, choncho sitikufuna kudzamata mng'alu ndi utuchi pankhope ya Mpulumutsi.