Boti la malemu bambo likhala pamtunda mpaka Malichi, ndilisunge bwanji?

Wa_ku_Chitakale
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Malemu bambo anandisiyira boti la matabwa ndi injini ya Yamaha ya mahosi 15. Linkagwira ntchito pa nyanja ya Chilwa, doko la Swang'oma ku Phalombe. Mnyamata amene ankaliyendetsa wapita ku Joni mwezi watha osatsanzika, ndiye ndangolikweza pa lole n'kubwera nalo kuno kunyumba. Ine ndine wa kuesiteti ya tiyi, za m'madzi ndilibe nazo mutu. Panopa lili pansi pa mtengo wa mapeyala, ndalifunditsa pepala lakuda lija timafolera nyumba. M'thanki mwatsala malita ngati 8 a petulo wosakaniza kale ndi oyilo. Chaka chino sililowanso m'madzi, ndipo Disembala akakwana amatseka makoka mpaka Febuluwale. Nditani kuti ndisadzapeze nkhuni?

Makaniko_Luchenza
Achimwene, yambani ndi injini, ndalama zili pamenepo. Iviikeni mwendo mu mgolo wa madzi oyera, muilize. Musayerekeze kuiliza pouma, kamphira kopopa madzi kamapsa nthawi yomweyo. Ikulira choncho zulani paipi ya mafuta, idzizimikira yokha petulo akatha mu kabuleta. Mukamusiya mmenemo amauma n'kusiya zomata ngati utomoni, timabowo tonse n'kutsekeka. Malita 8 aja musasunge, petulo wogonera miyezi sadzakuthandizani.

Kenako masulani mapulagi, mudonthezere oyilo pang'ono m'mabowomo, mukoke chingwe pang'onopang'ono kangapo, mubwezere. Kumunsi kuli timabawuti tiwiri ta oyilo wa giya. Akatuluka woyera ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Vulaninso pulopela muone kumbuyo kwake, ulusi wa ukonde umakonda kukulungana pamenepo n'kudya silo, kamphira kotchinga madzi kuti asalowe mu oyilo wa giya. Ikani girisi, muisunge m'nyumba choimirira. M'nyumba ndithu, osati m'khitchini ya panja, anthu ake ndi omwewa.

Gogo_wa_ku_Mpoto
Mwana wanga, chotsa pepalalo lero lomwe. Ndi chiperoni cha kwanucho, pepala limachita thukuta mkati, thabwa limavunda iwe ukuti wasamala. Ndiponso boti siligona padothi. Liike pa njerwa kapena pa migolo, ulivundikire, mphepo izidutsa pansi, pamwamba uike malata koma osakhudza matabwa. Uzisuzumira sabata iliyonse ngati chiswe chayamba kumanga tinjira take pa njerwazo. Maboti akale ankakhomedwa ndi mkungudza wa m'phiri lanulo, chiswe sichinkaufuna n'komwe. A masiku ano a paini chimadya ngati chigumu.

Dzuwa la Okutobala lisalipeze pamtetete. Ife mu 1995 nyanja itaphwa tinasiya maboti pamatope ouma, madzi pobwerera mipata ya matabwa inkalowa chala. Ming'alu ing'onoing'ono usaope nayo. Ukamadzalibweza udzatseke ndi thonje ndi phula, ulisiye m'madzi osaya masiku awiri atatu, matabwa akamwa amafufuma n'kugwirana okha.

Namulanje_ku_Toronto
Kuno ku Canada maboti amawatulutsa chifukwa nyanja zimaundana. Madzi akatsalira mu injini amasanduka ayezi, amafufuma n'kung'amba chitsulo, n'chifukwa chake injini zikuluzikulu amazithira antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana. Mwina mugule nanunso.

Makaniko_Luchenza
Achemwali, ayezi wathu ali pa Sapitwa basi, pa Chitakale safika. Injini iyi ikaimirira madzi amatsika okha. Ndalamayo agulire oyilo wa giya.

Wa_ku_Chitakale
Zikomo nonse. Agogo munalosera: nditachotsa pepala ndapeza nkhungu yoyera m'nthiti za boti, ndipo chiswe chinali chitakwera kale thabwa limodzi lakumbuyo, masabata atatu okha! Ndaitana anyamata asanu talikweza pa njerwa. A Makaniko, kumbuyo kwa pulopela ndachotsako ulusi wodzaza dzanja, oyilo watuluka ngati tiyi wamkaka uja. Silo yakeyo ingapezeke ku Limbe, kapena ndibwere nayo injini yonse Loweruka?

Makaniko_Luchenza
Bwerani nayo. Pa minibasi muigoneke chogwirira chili mmwamba, ndipo musalole kondakitala asanjikepo matumba a nanazi.